Mawu a Pansi pa Chitenje

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinayamba kudana ndi munthu kuchokera pansi pa mtima. Munthuyo anali a Lameki, eni nyumba yoonetsera kanema pa msika wathu, kufupi ndi boda ya Mchinji. Ndisanafike pa chidanicho ndinene kaye kuti poyamba ndinkawakonda. Anali munthu wa pakamwa pokoma, woyenda ndi chipeso m'thumba la kumbuyo, ndipo anafe ankatilola kuonera kanema titakhala pansi kutsogolo tikawasesera m'nyumbamo. Munkanunkha thukuta, utsi wa jenereta ndi makoko a mtedza wokazinga. M'menemo ndi momwe tinaonera amwenye akuthamangitsana m'mapiri, kuimba ndi kuvina popanda wowaimbira ng'oma, ife n'kumaseka ndi kulira nawo ngakhale chilankhulo chawo sitinkachimva.

Chaka chimenecho dalaivala wina wa thiraki anawabweretsera kamera kuchokera ku Zambia, ndipo mutu wa a Lameki unayamba kuzungulira. Analengeza kuti msika wathu upanga filimu yakeyake, yachikondi, yoseketsa, ya nyimbo zambiri, ndipo aliyense wokhala ndi nkhope alowamo. Anthu analowamodi. A Josamu atelala anali munthu wamanyazi amene akufuna mayi wogulitsa mandasi, koma akafika pa beseni amangogula mandasi n'kubwerera osanena chomwe abwerera. Anyamata awiri a kabaza ankalimbirana mtsikana mmodzi mpaka kumukweza pa njinga ziwiri nthawi imodzi. Che Idirisa a golosale anali bambo wovuta wokana mkamwini aliyense, koma ankaphulika ndi phwete pakati pa ukali wawo, zonse n'kuyambiranso. Dalaivala uja anapatsidwa malo a mwamuna wa mabanja awiri, lina kuno lina kuseri kwa boda, ndipo anthu ankati sanafunike kuphunzitsidwa. Pakati pa chinamtindi chonsechi panali mnyamata ndi mtsikana, eni nkhani. Mnyamatayo anali a Lameki eni ake, mphwawo atagwira kamera. Mtsikanayo anali achemwali anga, a Esinati.

Achemwali anali atangobwerako ku Guilleme, komwe ankakhala ndi amalume akuphunzira sukulu ndi kuimba kwaya ya pa mishoni. Pa msika wathu anthu sankawadziwa kwenikweni, chifukwa anali munthu wofatsa, wosakonda kuyendayenda. Koma mawu anali nawo. Akamaimba akutsuka mbale kuseri kwa nyumba, ine ndinkasiya chilichonse chomwe ndagwira. A Lameki anawamva tsiku lina akudutsa, ndipo kuyambira pamenepo sanasowenso pakhomo pathu. Ankabwera ndi buledi, ankawatchula amayi kuti apongozi monga mwa nthabwala, amayi n'kumaseka mobisa nkhope. Achemwali anayamba kudzola mafuta kawiri patsiku. Ine ndinali mwana, koma maso ndinali nawo.

Nyimbo zonse za m'filimuyo anapeka ndi achemwali. Zinajambulidwa m'chipinda chathu chogona masana dzuwa likuswa mtengo, titatseka zenera ndi matilesi kuti phokoso la mathiraki lisalowe. Tinali atatu basi, a Lameki, achemwali ndi ine, ndipo ntchito yanga inali yothamangitsa nkhuku. Thadzi lathu lina lamawangamawanga linali litazolowera kuikira pansi pa bedi, ndipo pakati pa nyimbo yaikulu ya filimuyo linatetera kamodzi. A Lameki anati sizimveka, tisabwereze.

Nyimbo yaikuluyo inali ya pa chinkhoswe, pothera pa nkhani yonse. Kwathu pa chinkhoswe mkazi satuluka poyera. Amayi amafunditsa atsikana angapo zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuwatulutsa akuimba, ndipo mwamuna amayenera kuloza wake. Akavundukula wolakwika anthu amaseka, iye n'kukana, n'kuyesanso. M'filimuyo a Lameki anakometsera mwambowu. Mnyamata amalephera kangapo, kenako pansi pa chitenje china pamayamba kutuluka nyimbo yoti, usandifune ndi maso, bwera kuno kuli mawu. Mnyamatayo amatsata mawuwo n'kupeza wake, ndipo onse, atelala, a kabaza, che Idirisa ndi a mandasi, amadzuka n'kuvinira limodzi.

Kujambula kuli mkati kunabwera mtsikana wina dzina lake Prisika, mwana wa mlongo wawo wa a Tembo achigayo. Anakulira ku Chipata, anali woyera, wa tsitsi lowotcha, ndipo ankayenda ngati pansi pali minga. A Lameki anati akhala mnzake wa mkwatibwi. Posakhalitsa anayamba kujambula chilichonse kawiri, koyamba ndi achemwali, kachiwiri ndi Prisika, akuti pofuna kuyesa kuwala kwa dzuwa. Pa tsiku la chinkhoswe cha m'filimu anauza achemwali kuti mnyamata ayamba wawavundukula n'kunamizira kuwakana, kuti anthu aseke, kenako abwerera n'kuwanyamula. Anawapempha kuti pokanidwapo agwetse nkhope momvetsa chisoni, mlomo ulendewere. Achemwali anachita zonse ndi mtima umodzi, ndipo a Lameki anawayamikira pamaso pa anthu. Atatha anatenga matepi n'kupita nawo ku Chipata kukalumikiza pa kompyuta.

Tsiku loonetsa koyamba linali Loweruka masana. Anthu anadzaza mpaka ena kukwera pa mawindo. Amayi anavala chilundu chawo cha kutchalitchi, achemwali anakhala pa benchi ya kutsogolo, ine pansi pa mapazi awo. Filimu itayamba anthu ankakuwa akaona nkhope ya mnzawo. A Josamu atagula mandasi kachitatu nyumba yonse inagwedezeka ndi kuseka, ndipo sindinama, inali filimu yokoma. Kenako inafika nyimbo yoyamba, m'munda wa mtedza. Mawu anali a achemwali, koma pakamwa potsegukapo panali pa Prisika. Ndinatembenuka kuyang'ana achemwali. Anali akumwetulirabe, kumwetulira kouma kwa munthu amene sanamvetse chomwe chamugwera.

Anadikira, nafenso tinadikira. Nyimbo yachiwiri inali ya Prisika, yachitatu chimodzimodzi. Achemwali anaonekera kamodzi kokha, pa chinkhoswe. A Lameki a pa kanema anavundukula chitenje, n'kuwayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kukwinya mphuno, n'kutembenukira kwa anthu akunena kuti, "Si ameneyu." Kamera inayandikira nkhope ya achemwali, mlomo uli lende monga anawauzira, n'kukhala pamenepo nthawi yaitali. Anthu anaseka mpaka kugwetsa mabenchi. Gawo lobwerera n'kuwanyamula lija kunalibe. Nyimbo yaikulu inatuluka pansi pa chitenje cha Prisika, ndipo pakati pake, chapansipansi, ndinamva thadzi lathu likutetera.

Amayi atawafunsa, a Lameki anayankha mosatekeseka kuti mawu a achemwali sanatuluke bwino pa tepi, choncho Prisika anaimbanso nyimbo zonse ku situdiyo ya ku Chipata. Anali atawonjezera ng'oma za pa kiyibodi ndi kamamvekedwe kobwerezabwereza, ndipo anthu anakhulupirira. Nkhope anaiona ndi maso awo, pomwe mawu a achemwali ambiri anali asanawamvepo. Ine ndinayenda msika wonse kufotokoza za nkhuku. Ndinauza a Josamu, ndinauza che Idirisa, ndinauza ngakhale madalaivala odikira mapepala pa boda. Onse ankandisisita mutu n'kuseka, ena n'kundifunsa ngati ku Chipata kulibe nkhuku.

Mawu aja anawamatirira achemwali ngati dzina. Akamapita ku mjigo ana ankawatsata akukuwa kuti si ameneyu. Anyamata a kabaza akawaona ankaima, kuwayang'ana kuyambira kumapazi, n'kukwinya mphuno monga a pa kanema. Filimu inkaonetsedwa tsiku ndi tsiku, ma sidi ake anafika ku boma, ku Chiosya, mpaka kuseri kwa boda, ndipo kulikonse nkhope ya achemwali inkagwa anthu n'kumaseka. A Lameki sanapondenso pakhomo pathu. Achemwali anasiya kupita ku mjigo, anasiya kupita ku msika, ndipo chomwe chinandiwawa kuposa zonse, anasiya kuimba. Ankatsuka mbale mwakachetechete. Nyimbo zawo zikamveka pa sipika ya ku msika ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Tsiku lina ndinawapempha kuti andiimbire kamodzi kokha, iwo anati mwina n'zoona kuti mawu awo ndi oipa. Pamenepo ndi pomwe chidani changa chinakhwima.

Ndinkagona ndi a Lameki m'mutu n'kudzuka nawo. Ndinkawafunira zipere, ndinkawafunira njoka m'nsapato, ndinkapempha Mulungu kuti mano awo akutsogolo agwe onse nthawi imodzi. Nditaona kuti Mulungu akuchedwa, ndinaganiza zomuthandiza. Jenereta ya a Lameki inkakhala kuseri kwa nyumba ya kanema, m'kakhumbi ka malata, ndipo ndinkaidziwa bwino chifukwa nthawi yojambula ndinkaithira mafuta ndine. Masana ena ndinatapa mchenga wodzaza chitini, n'kuubisa m'chitenje, n'kulowera kuseriko. Ndinali nditatsegula kale chitsekerero cha thanki pamene dzanja linandigwira khutu n'kundikweza mpaka ndinaimira zala.

Anali azakhali anga, a Naphiri, mlongo wawo wa malemu bambo. Azakhali ankachita geni ya zitenje, kukapikula ku Chipata n'kumagulitsa pa msika wathu. Anali mayi wamkulu thupi, wa mawu okhuthala, amene anathetsa mabanja awiri ndipo sankabisa kuti onse anawathetsa ndi iwo. Asilikali a pa boda ankawapatsa moni poyamba. Anandikoka khutu mpaka kuseri kwa benchi yawo, kundikhazika pa mtolo wa zitenje zonunkha utoto, n'kundilanda chitini chija. Ndinayembekeza kuti andiuza za kukhululuka, ndipo ndinali nditakonzeka kutseka makutu. Sanatero ayi.

"Ukathira mchengawu, jenereta ifa," anatero. "Ikafa, msika wonse umumvera chisoni Lameki, ndipo amusonkhera ina. Iwe ukhala mwana wa nsanje, mkulu wako akhala mfiti. Tsono ndiuze, Malita, mawu a Esinati abwerera?"

Ndinati sabwerera. Anandifunsa chomwe a Lameki anaba, ngati inali jenereta. Ndinati anaba mawu ndi dzina. Azakhali anakhuthula mchenga uja pansi, n'kuupondaponda ndi phazi.

"Ndiye tikatenge zomwezo. Zake zisiye. Ine mkwiyo wako sindikuletsa, ndili nawo woposa wakowo. Koma usunge, usautaye pa chitsulo."

Ndinawafunsa kuti tikatenga liti. Anati sakudziwa, koma munthu wokonda kuonekera salephera kudziitanira anthu, tingomudikira. Ndinabwerera kunyumba khutu likutentha, ndikuona ngati azakhali angondinyengerera.

Mvula inagwa, tinapalira, tinakumba mtedza. Achemwali anaonda. Prisika naye sizinkamuyendera monga anthu ankaganizira. Kulikonse komwe wapita ankamupempha kuti aimbe, pa ukwati, kutchalitchi, ngakhale pa chigayo cha amalume ake, ndipo nthawi zonse ankagwira pakhosi n'kunena kuti ali ndi chifuwa. Amayi ena anayamba kumutengera mandimu ndi uchi. Chifuwacho chinakhala miyezi osapola, ndipo ine ndinkachiwerengera ngati chiyambi cha malipiro.

Nyengo yokolola itatha zinamveka kuti a Lameki akukamanga chinkhoswe ndi Prisika, pakhomo pa a Tembo achigayo. Monga azakhali ananenera, munthuyo anadziitanira yekha anthu. Asanayambe kuonetsa kanema ankaima kutsogolo n'kulengeza kuti chinkhoswe chake chidzakhala ngati cha m'filimu, kuti sadzayang'ana mapazi kapena msinkhu, adzapeza mkazi wake ndi khutu basi. Anaitana onse amene anasewera m'filimu kuti adzavine monga anavinira. Anthu anayamba kukonzekera mpaka ochokera ku Dambe.

Zitenje zofunditsa atsikana zimayenera kufanana, kuti mwamuna asazindikire msanga, ndipo zitenje zofanana zinkapezeka kwa azakhali. Prisika anabwera yekha kudzasankha, ine ndili pomwepo ndikupinda nsalu. Ankagwira ichi n'kusiya, kugwira icho n'kusiya, maso ali kwina. Azakhali anamufunsa za chifuwa chija mwachifundo chomwe sindinkawadziwa nacho, ndipo mtsikanayo misozi inalengeza.

"Ba anti, ine nilibe mau," anatero chapansipansi. "Ba Lameki bakamba ati bazaika sipika kumbuyo kwa mphasa, ine nizingogwedeza mutu mu chitenje. Manje niyopa."

Azakhali anamuuza kuti asaope, zonse zikhala m'malo mwake. Anadzipereka kuti adzafunditsa atsikanawo ndi iwo, popeza amayi ake a Prisika sankadziwa atsikana a kuno. Prisika atachoka, azakhali anandiyang'ana n'kundifunsa ngati ndikukumbukirabe pozimitsira jenereta ija. Anati ulendo uno sindikaipha, ndikangoigoneka.

Chovuta chinali achemwali. Azakhali anabwera kwathu n'kutsekerana nawo m'chipinda. Ndili pakhomo ndinkamva mawu a azakhali okha, a achemwali osamveka. Atatuluka ndinawafunsa ngati avomera. Azakhali anati avomera kufunda chitenje, koma zoimba sanayankhe. Anati iwo angathe kumulowetsa munthu m'chitenje, koma kumutsegula pakamwa sangathe. Anandichenjezanso kuti achemwali akapanda kuimba, a Lameki akawavundukula kapena akawazindikira, ndiye kuti tawapereka tokha kuti akanidwe kachiwiri, ulendo uno popanda kamera yonamizira. Ngakhale zinali choncho, sindinabwerere m'mbuyo.

Tsikulo kunali mphepo ya mwezi wa Julaye, fumbi likuuluka pa bwalo la a Tembo. Anthu anadzaza mpaka mu msewu. A Josamu anavala jekete ya m'filimu, a kabaza anakongoletsa njinga zawo ndi mapepala, che Idirisa anakhala pa mpando wa kutsogolo atavala mkanjo woyera. Ankhoswe a mbali zonse anali atakhala moyang'anana, tambala ndi msoti zili m'manja mwa ana, miyendo yomanga. A Lameki anavala suti yotuwa, tsitsi likunyezimira, akugwedezera anthu dzanja. Jenereta anaiika kuseri kwa nkhokwe kuti isasokose, ndipo ine ndinakabisala pakati pa nkhokwe ndi khola la mbuzi, pomwe ndinkatha kuona bwalo lonse kudzera pa mpata wa nsungwi.

Azimayi anatuluka m'nyumba akuimba, azakhali ali patsogolo, akutsogolera atsikana anayi ofundidwa zitenje zobiriwira za maluwa achikasu. Anawakhazika pa mphasa. Sindinathe kudziwa kuti achemwali ndi ati. A Lameki anatenga maikolofoni n'kubwereza lonjezo lawo, kuti onse amve, kuti iwo mkazi wawo amupeza ndi khutu. Anavundukula woyamba mwadala, kamtsikana ka a Tembo, n'kukakana anthu akuseka. Kenako anakweza dzanja, mphwawo wa kamera uja anadina kanthu, ndipo ng'oma za pa kiyibodi zinayamba kugunda kuseri kwa mphasa. Mtsikana wa kumanzere anayamba kugwedeza mutu. Azakhali anakonza duku lawo ndi manja awiri, chomwe chinali chizindikiro chathu. Ndinatembenuza kampopi ka mafuta n'kudina chozimitsira. Jenereta inatsokomola n'kukhala chete.

Ng'oma zinaduka mawu asanayambe. Bwalo lonse linati zii. A Lameki anaseka mokakamiza n'kuuza mphwawo kuti athamange akaone, koma azakhali anamugwira mkono mnyamatayo n'kumukhazika pansi, akunena mokweza kuti mkwatibwi safuna magetsi kuti aimbe. Amayi ena anavomereza. A Tembo, amene ankanyadira kuti mwana wa mlongo wawoyo ndi woimba, anati n'zoona, mwana aimbe anthu amve ndi makutu awo. Onse anayang'ana pa mphasa. Zitenje zitatu zinali duu, mphepo yokha ikuzigwedeza m'mphepete.

Sindidziwa kuti chetechete ameneyo anatenga nthawi yaitali bwanji. Ndinkamva mbuzi zikubzikula kumbuyo kwanga. Ndinaganiza kuti achemwali alephera, kuti ndawapha ndine. Ndinaluma nsungwi ya nkhokwe mpaka kumva kuwawa kwake pa lilime. Kenako pansi pa chitenje cha pakati panatuluka kamawu konjenjemera, kosasa, ka munthu amene sanaimbe miyezi yambiri. Kanaduka. Kanayambiranso. Pa mzere wachiwiri mawuwo anadzuka n'kuima, n'kudzaza bwalo lonse mpaka ku msewu, opanda ng'oma, opanda sipika. Usandifune ndi maso, bwera kuno kuli mawu.

Panalibe amene sanawazindikire. Anali mawu omwewo amene anthu anakhala akuwamva tsiku ndi tsiku pa msika. Nthungululu zinalira, a kabaza anayamba kuliza mabelu, amayi a mandasi anadzuka n'kuyamba kuvina, anthu akukuwa kuti chifuwa chapola. Munthu mmodzi yekha ndi amene sanasangalale. A Lameki anaima pakati pa bwalo thukuta lili kamukamu m'mphepo yozizira ija. Iwo ankadziwa mwini wa mawuwo. Akatsata mawu avundukula achemwali pamaso pa akuchikazi onse. Akatsata Prisika, poti ankadziwa pomwe wakhala, avomera okha kuti woimba si iye. Ndinawaona akumeza malovu, ndipo ndikunena zoona, chinthu chokoma ngati chimenecho ndinali ndisanachilawepo.

Anayesa kulowera kumanzere. Azimayi anawatchingira akuseka, akuganiza kuti ndi nthabwala za m'filimu zomwe zija. A Tembo anaimirira n'kuwakumbutsa mwaulemu.

"Akamwini, mwanena nokha kuti mutsata khutu. Mawu akuchokera apo. Musatichedwetse."

Anapita ngati mbuzi yokokedwa pa chingwe. Anagwira nsonga ya chitenje cha pakati ndi zala ziwiri n'kuchikoka. Achemwali anali atakhala mowongoka, atavala diresi lawo la kwaya, misozi ikutsika koma pakamwa pakuimbabe. Nthungululu zinazima imodziimodzi. Anamaliza mzere wawo osafulumira, anthu onse akuona pakamwa pomwe mawuwo akutulukira. Atamaliza anaimirira, n'kuwayang'ana a Lameki kuyambira ku nsapato mpaka ku tsitsi lonyezimira lija. Mphuno sanakwinye, achemwali si munthu wotero. Anangotembenukira kwa anthu n'kunena mofatsa.

"Si ameneyu."

Woyamba kuphulika anali che Idirisa, monga mwa chizolowezi chawo, ndipo bwalo lonse linawatsatira. Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa, ena kukhala pansi m'fumbi. Tambala anapulumuka m'manja mwa mwana n'kuyamba kudumpha ndi miyendo yomanga. A Josamu anandiona ndikutuluka kuseri kwa nkhokwe, n'kukuwa kuti mwana uja ankanena zoona za nkhuku. Achemwali anapinda chitenje chija bwinobwino, kuchipereka kwa azakhali, n'kundigwira dzanja. Tinadutsa pakati pa anthu akutipatukira, n'kulunjika kunyumba.

Chinkhoswe chinapitirira madzulo ake, ankhoswe atakambirana nthawi yaitali m'nyumba. Prisika analira tsiku limenelo, ndipo ndiye yekha amene ndinamumvera chisoni pang'ono, koma patapita nthawi anauza azakhali kuti anapumula, chifukwa mandimu anali atamukwana. Filimu ija inapitiriza kuonetsedwa, koma inali itasanduka ina. Nyimbo ikayamba anthu ankatchula dzina la achemwali, thadzi likatetera ankaomba m'manja, ndipo a Lameki a pa kanema akati si ameneyu, nyumba yonse inkatembenuka kuloza a Lameki enieni ali pakhomo. Mmawa wotsatira chinkhoswe chija ndinadzutsidwa ndi kulira kwa mbale kuseri kwa nyumba, ndi mawu akuimba pamwamba pake. Ndinafunda bulangeti kumutu n'kulira mwakachetechete kuti ndisawadule.

Papita zaka zambiri. Azakhali anatisiya, achemwali ali pa banja lawo ku Chiosya ndipo palibe ukwati wa kumeneko umene umatha iwo asanaimbe. Anthu opemphera akamva nkhaniyi amandifunsa ngati sindichita nayo manyazi, ndipo ndimawayankha kuti ayi. Chomwe ndimaopa ndikakumbukira ndi chitini cha mchenga chija. Ndikanathira, a Lameki akanagula jenereta ina, ine ndikanakhuta tsiku limodzi, ndipo achemwali akanatsuka mbale mwakachetechete mpaka lero. Azakhali sanandiphunzitse kukhululuka, zimenezo ndikuphunzirabe ndipo zikundivuta. Anandiphunzitsa kuti munthu akakulakwira uyambe wafunsa chomwe wakutengera, n'kulondola chimenecho, osati chomwe chili pafupi ndi dzanja lako. Mkwiyo wanga unali wolondola, unkangofuna kuuzidwa kolowera.

Chaka chatha ndinadutsa pa msika wathu uja popita ku maliro. Nyumba ya kanema anaigwetsa, pali sitolo ya mafoni. Pa khonde lake panakhala bambo wina wa imvi, chipeso chikusuzumira m'thumba. Ndinawadziwa, koma ndinafuna kumva ndi khutu langa. Ndinafunsa mnyamata wa kabaza amene anandinyamula, mwana woti nthawi ya filimu ija anali asanabadwe, kuti bambo awo ndi ndani. Anayankha osatembenuka n'komwe kuti amenewo ndi a Siameneyu, dzina lawo lina salidziwa. Ndinamuuza kuti apalase pang'onopang'ono, sindikufulumira.